Fomu ya cyber insurance ikufunsa za MFA, ndichonge chani?

wa_maseva: Akuluakulu ndithandizeni mutu waima. Broker watumiza fomu ya renewal ya cyber insurance (inshuwalansi yothandiza kampani ikamenyedwa ndi ma hacker) akuti ibwerere Lachisanu, nde pali funso loti kodi MFA (chitsimikizo china polowa kuwonjezera pa password, monga code ya pa foni) ilipo pa email, remote access ndi ma admin account ONSE, yes kapena no basi, pofotokozera palibe. Pa Microsoft 365 tinayatsa kale, pa VPN (njira yotetezedwa yolowera mu netiweki ya ofesi uli kunja) iliponso, koma ma service account (ma account ogwiritsidwa ntchito ndi mapulogalamu, osati anthu) awiri ali ndi domain admin (mphamvu pa makompyuta onse a mu netiweki yathu ya Windows) komanso vendor wa accounting amalowabe pa RDP (njira yogwiritsira kompyuta uli kutali) ku seva ya Windows Server 2012 R2 ndi password yokha. Bwana akuti chongani yes tikonza mwezi wamawa. Ine mtima sukundilola.

netiweki_01: Chonde musachonge yes. Mu 2022 kampani ya inshuwalansi ya Travelers inakasumira kasitomala wake International Control Services ku America atamenyedwa ransomware (virus yotseka mafayilo mpaka mulipire), pa fomu kasitomalayo analemba kuti MFA ilipo pomwe inali pa firewall pokha, mapeto ake policy inafafanizidwa ngati sinakhalepo. Lembani no, muyike kakalata kofotokoza zomwe zatsala ndi tsiku lomwe mumalize. Ndipo bwanayo asaine yekha, osati inu.

madala_backup: Zonsezo bwino koma backup yanu ili pati? Ndipo munapangako restore liti? Tiyambire pamenepo.

wa_maseva: Backup timapanga ndi pulogalamu ya Veeam madala, imayenda usiku uliwonse. Koma funso langa ndi la MFA

mayi_audit: Achimwene RDP imeneyo ngati port yake 3389 ikuoneka pa intaneti olo mulembe chani akugwirani, ma insurer ambiri amapanga scan okha kuchokera kunja asanakupatseni quote. Vendor adzere pa VPN ngati wina aliyense. Komanso 2012 R2 support yake inatha October 2023, ngati simunagule ESU (ma security update olipira support ikatha) funso la end of life (mapulogalamu otha support) likudikirani kutsogoloko.

madala_backup: Kuyenda usiku uliwonse si nkhani. Seva ya Veeam ili mu domain? Ngati ili mu domain mulibe backup, wakuba password ya admin angaifufutenso.

netiweki_01: Madala ku Colonial Pipeline, kampani ya mapaipi a mafuta ku America, mu 2021 ma hacker analowera pa account yakale ya VPN yopanda MFA, musachepetse zimenezi

madala_backup: Sindikuchepetsa mwana wanga. Ine ndinaitanidwa pa kampani ina Lamlungu mbandakucha, MFA anali nayo, EDR (pulogalamu yogwira zokayikitsa pa makompyuta) anali nayo, koma munthu wa finance anatopa ndi ma notification a MFA pa foni n'kungodina approve, ma hacker anakhala mkati masabata angapo mwakachetechete ndipo choyamba kufufuta chinali backup repository chifukwa password yake inali ya admin yemweyo. Tinapulumukira ka hard drive komwe wina anaiwala mu kabati, data yake ya miyezi inayi kumbuyo. Anthu analira pamaso panga. Copy imodzi ikhale offline kapena immutable (yosasinthika, yosafufutika), ndipo yesani restore mulembe tsiku lake.

mayi_audit: Ma service account aja achotseni mu domain admin, tsekani interactive logon (kuti munthu asalowe nawo pa kompyuta), ngati application ikulola pitani pa gMSA (account yomwe Windows imasintha password yake yokha). Koma musapange Lachinayi usiku pothamangira fomu, ine ndinasinthapo password ya account ngati imeneyo payroll n'kuima tsiku lonse, kunali ka scheduled task komwe palibe ankakadziwa.

soc_usiku: Werenganinso ma exclusion, zinthu zomwe policy siilipira. Kampani ya mankhwala ya Merck inalimbana ndi ma insurer ake zaka zambiri pa nkhani ya virus ya NotPetya ya 2017 chifukwa cha war exclusion (mfundo yoti salipira zoonongeka ndi nkhondo). Onaninso kuti policy ikuti mukamenyedwa muwadziwitse a insurer pasanathe nthawi yaitali bwanji, ena mukaitana kampani yanu ya forensic (yofufuza momwe ma hacker analowera) musanawauze amakana kulipira bill imeneyo.

wa_maseva: Vendor akukana VPN akuti laputopu yake siilola client yathu

madala_backup: Simunandiyankhe za domain.

soc_usiku: Kodi alipo amene broker wake anavomera MFA ya SMS chaka chino? Ife tili ndi madalaivala okana kuyika authenticator (app yopereka ma code a MFA) pa mafoni awo