Mng'ono wanga akufuna kumwera limodzi ma dolutegravir awiri m'mawa, ndimuletse bwanji?

Membala wobisa dzina

Abale anga a pagulu pano, ndabisa dzina chifukwa nkhaniyi ndi ya mng'ono wanga. Iye amamwa ma ARV aja a 13A, amene muli kale dolutegravir 50 mg, m'bulu umodzi patsiku, ndipo zinkayenda bwinobwino mpaka pomwe anamupeza ndi TB. Atayamba mankhwala a TB, kuchipatala anamuwonjezera kam'bulu kena ka dolutegravir 50 mg koti azimwa madzulo, pakadutsa maola 12 kuchokera pa wa m'mawa uja.

Mnyamatayu amapalasa kabaza, amaweruka kutada, ndipo kam'bulu kamadzuloko amakaiwala kawirikawiri. Akakamwa mochedwa akuti sapeza tulo. Pano wagamula yekha kuti azimwa zonse m'mawa, 13A ndi kowonjezerako nthawi imodzi. Akuti 50 kuphatikiza 50 ndi 100, kaya wamwa m'mawa kaya madzulo, thupi lalandira zomwezo.

Ine ndimaphunzitsa masamu kusekondale, ndiye ndinafuna kumutsutsa ndi cholembera. Pa kapepala kamene kamabwera ndi mankhwalawa analemba kuti dolutegravir amatsika ndi theka m'magazi pa maola pafupifupi 14 aliwonse. Ndiye pakatha maola 24 patsala 0.5^(24/14), imene ndi 0.30 ya zimene unamwa. Ukamwa iwiri nthawi imodzi patsala 0.60, kuposa munthu amene amamwa umodzi ndipo ali bwino. Mwaona? Masamu anga akumuikira kumbuyo, koma mtima wanga ukukana, poti achipatala sangavutitse munthu kumwa kawiri popanda chifukwa.

Amene mumazidziwa, kodi kawerengedwe kangaka kakusiya chiyani? Nanga ndimuuze chiyani choti amve? Ndikuopa kuti tingachize chifuwa n'kudzutsa kachilombo kamene kanagona.

Mayi wa ku Ndirande

Achimwene, ine masamuwo sindingawathe, koma njirayi ndinadutsamo. Miyezi 6 ya TB ndi yotopetsa, mibulu yodzaza chikhatho, mkodzo wofiira, ndiye musamukalipire. Ine ndinkamwa 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, osadikira nthawi yogona. Kam'bulu kamadzuloko ndinkayenda nako m'kabotolo m'chikwama, foni ikalira ndamwa kulikonse komwe ndili. Wa kabazayo angachite chimodzimodzi, madzi amayenda nawo kale.

Wophunzira za mankhwala ku Cape Town

Aphunzitsi, masamu anu ali bwino, kungoti 14 mwagwiritsa ntchitoyo ndi ya munthu amene sakumwa rifampicin, amodzi mwa mankhwala a TB. Pamenepo mpamene pagona nkhani.

Tiyambe ndi model imene mwalemba kale osaitchula dzina. Timatenga thupi lonse ngati chipinda chimodzi, n'kunena kuti mankhwala amachoka molingana ndi kuchuluka kwake: dA/dt = −kA, pomwe A ndi kuchuluka kwa mankhwala m'thupi, t ndi nthawi. Yerekezani ndowa yoboola pansi. Ikadzaza madzi amatuluka mwamphamvu, akatsala pang'ono amangodontha. k ndiye kukula kwa bowolo, ndipo half-life, nthawi imene mankhwala amatsika ndi theka, ndi 0.693/k. Komanso k = CL/V, pomwe CL ndi kuchuluka kwa magazi amene thupi limayeretsa pa ola, V ndi malo amene mankhwala amaoneka ngati afalikiramo. Kwa dolutegravir CL ili pafupi ndi lita imodzi pa ola, V ndi malita pafupifupi 17, ndipo mukagawa mufika pa maola 12 mpaka 14 aja.

Dolutegravir amaphwanyidwa m'chiwindi, makamaka ndi enzyme (chophwanyira mankhwala chimene thupi limapanga) yotchedwa UGT1A1, pang'ono ndi CYP3A. Rifampicin, amene ndi msana wa mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kupanga ma enzyme amenewa ochuluka. Ndiye kuti bowo lija lakula. Atayeza mwa anthu anapeza kuti dolutegravir yense wopezeka m'magazi amatsika ndi 54 peresenti, kutanthauza kuti CL yawirikiza kawiri kapena kupitirirako pang'ono. V sinasinthe kwenikweni, choncho tiyerekeze kuti half-life yagwa kuchoka pa 14 kufika pa 7.

Bwerezaninso masamu anu ndi 7. Pa maola 24 patsala 0.5^(24/7), imene ndi 0.09. Mibulu iwiri nthawi imodzi ikupatsani 0.19, osati 0.60. Koma pa maola 12 patsala 0.5^(12/7), imene ndi 0.30, ndendende nambala imene munapeza kwa munthu wosamwa rifampicin pa maola 24. Liwiro likawirikiza kawiri, timadula nthawi pakati. Maola 12 amene achipatala ananena achokera pamenepo.

Mng'ono wanu akuwerengera zimene zalowa pakamwa. Kachilombo kamayang'ana zimene zatsala m'magazi nthawi imene mankhwala atsikitsitsa, m'bulu wotsatira usanamwedwe.

Membala wobisa dzina

Zikomo kwambiri achimwene, ndayesa pa kakyuleta ndipo zikutuluka momwemo. Koma funso lina: munthu samwa tsiku limodzi lokha. Zotsala za dzulo zimaphatikizana ndi za lero. Kodi zimenezo sizingamukwezere wa mibulu iwiri uja?

Wophunzira za mankhwala ku Cape Town

Zimamukwezera, koma pang'ono kwambiri, ndipo apa mugwiritsa ntchito geometric series yomwe mumaphunzitsa ana anu. Ngati r ndi gawo lotsala pakati pa kumwa ndi kumwanso, zotsala zonse ndi r + r² + r³ mpaka mtsogolo, zomwe ndi r/(1 − r) kuchulukitsa ndi mlingo wa mankhwala. Wosamwa rifampicin, m'bulu umodzi patsiku, apeza 0.44. Womwa rifampicin, m'bulu m'mawa wina madzulo, apezanso 0.44. Wa mibulu iwiri m'mawa apeza 0.20, ndipo womwa umodzi wokha apeza 0.10. Zimenezi zimakhazikika pakadutsa ma half-life 4 kapena 5, ndiye kuti masiku ochepa chabe.

Ndipo 0.20 ameneyo ndamukomera mtima. Dolutegravir sasungunuka mosavuta m'matumbo, ndiye ukapitirira 50 mg nthawi imodzi, wolowa m'magazi sawirikiza molingana ndi mlingo. 100 mg sapereka kawiri ka 50 mg.

Model ya chipinda chimodziyi ndi yoyambira chabe. Torsten Teorell wa ku Sweden analemba kale mu 1937 ma equation ogawa thupi m'zigawo zingapo, magazi paokha, minofu payokha, chiwindi ndi impso monga potulukira. Masiku ano timawonjezera liwiro lolowera kuchokera m'matumbo, ndiponso kusiyana kwa anthu, poti CL ya mng'ono wanu si CL ya mnzake wa pasiteji. Timatenga magazi a anthu ambiri, aliyense kangapo, n'kulowetsa mu pulogalamu ngati NONMEM, imene Lewis Sheiner ndi Stuart Beal anayamba ku San Francisco cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Imatiuza za munthu wapakatikati komanso za amene chiwindi chake ndi chachangu kuposa onse. Mlingo umaikidwa kuti uteteze ngakhale wachanguyo, ndipo kuchipatala sayeza kuti adziwe ngati mng'ono wanu ndi iyeyo.

Bambo wina wa pagulu

Koma ine ndinamva kuti ku South Africa anapeza kuti wachiwiriyo ndi wosafunika. Bwanji mukuvutitsa mwana?

Wophunzira za mankhwala ku Cape Town

Bambo, munamva zoona koma munamva theka. Kafukufukuyo ndi RADIANT-TB, anachitikira ku Khayelitsha kuno ku Cape Town ndipo zotsatira zinatuluka mu 2023. Amene anamwa m'bulu wowonjezera ndi amene sanamwe, onse kachilombo kanagona mofanana. Chifukwa chake n'chakuti dolutegravir ali ndi malo aakulu opumira. Mlingo wofunika kupondereza 90 peresenti ya kachilombo ndi 64 ng/mL, pomwe munthu womwa bwino amatsalira ndi pafupifupi 1,000 ng/mL. Ndiye ngakhale atatsika kwambiri, ambiri amakhalabe pamwamba pa mzerewo.

Koma anthu ake anali opitirira 100 pang'ono, osankhidwa bwino, a CD4 (muyezo wa chitetezo cha m'thupi) yopitirira 100, ndiponso oyang'aniridwa pafupipafupi. Malo opumira aja ndi amene amakupulumutsa tsiku limene waiwala mankhwala, kapena wasanza, kapena wamwa china chosokoneza. Rifampicin akawadya malowo, iwe n'kumaiwalanso, watsala pa mzere weniweni. Munthu amene akutiuza yekha kuti amaiwala ndi amene sindingamulole kuyeserera payekha. Asinthe achipatala amene akuona viral load yake, kuchuluka kwa kachilombo m'magazi mwake.

Wogwira ntchito ku famase

Aphunzitsi, mufunseninso ngati akumwa mankhwala a chilungulira, aja oyera a magnesium trisilicate, kapena mapiritsi owonjezera magazi a ayironi, kapena a calcium. Odwala TB ambiri amagula okha ku golosale mimba ikamawotcha. Zimenezi zimamugwira dolutegravir m'matumbo asanalowe n'komwe m'magazi. Lamulo lake ndi kumwa dolutegravir maola 2 zisanamwedwe zimenezo, kapena maola 6 zitamwedwa. M'masamu anu aja, izi zikuchepetsa nambala yoyambira, pomwe rifampicin akukuza k. Zikakumana ziwirizi, pepani.

Namwino wa ku ART

Bwerani naye, ndipo mutenge buku lake la kuchipatala. Anene mosabisa kuti wadumphitsa kangati, sitimukalipira, tikufuna tidziwe ngati tiyeze viral load msanga. Za kusowa tulo anenenso, zimachitika ndi dolutegravir ndipo nthawi zambiri timangosuntha maola, monga mayi a ku Ndirande anenera. Akakumbukira mochedwa pang'ono amwe pomwepo, koma ngati wa m'mawa wayandikira, asaphatikize iwiri kuti abweze.

Inuyo musamuonetse ma equation onsewo, angotopa nanu. Muonetseni manambala awiri okha, 0.44 ndi 0.20, mumuuze kuti wachiwiriyo ndi iyeyo m'bandakucha.

Membala wobisa dzina

Ndathokoza nonse. Wavomera kuti tipitire limodzi tsiku lake la kiliniki, ndipo kabotolo ndamupezera kale. Funso lomaliza, amayi anamwino: tsiku limene amalize mankhwala a TB, kam'bulu kamadzuloko asiye tsiku lomwelo?

Namwino wa ku ART

Ayi bambo, asasiye tsiku lomwelo. Rifampicin amatha m'magazi msanga, koma ma enzyme amene chiwindi chinachulukitsa satha nthawi yomweyo, amatsika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake kam'buluko kamapitirira masabata 2 mankhwala a TB atatha. Potenga mankhwala omaliza a TB akumbutse ku famase kuti amuwerengere dolutegravir wokwanira masabata amenewo, ndipo tsiku losiyira amulembere m'buku.