Kuyeza ntchito osagwetsa anthu ulesi

Wa ku Kamwala: Akuluakulu, kapitawo angayeze bwanji ntchito ya anyamata a m'sitolo popanda kuwagwetsa ulesi?

Wa ku Matero: Osadikira kutha kwa chaka, achimwene. Khalani pansi ndi aliyense payekha, mphindi 15 sabata iliyonse. Mugwirizane zolinga ziwiri kapena zitatu basi, zooneka ndi maso: katundu awerengedwe Lachisanu, ndalama zigwirizane ndi malisiti. Zikachuluka amaiwala zonse.

Wa ku Chilenje: Yambani mwamufunsa chomwe chikumuvuta. Mwina si ulesi, koma sikelo yowonongeka. Mukamukalipira pamaso pa kasitomala, mawa azingobisa zolakwika.

Wa ku Kabwata: Zokambiranazo muzilemba, asainire. Lamulo la ntchito la ku Zambia, Employment Code Act ya 2019, limaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha kagwiridwe kake ka ntchito musanamve mbali yake.