Dikoda ikukana chilankhulo chimene ndasankha pa matchanelo a wailesi

Mvetseni

Moni nonse. Ndili ndi dikoda ya setilaiti ya DVB-S2, ya matchanelo aulere, yosalowa khadi. Ntchito yake yaikulu ndi kumvera wailesi, ndipo mawu amatuluka pa zingwe za RCA kupita ku ampulifaya. Mu menyu, pa Language, ndaika Chingerezi. Matchanelo ena akumveka m'Chingerezi bwinobwino. Ena akutsegukabe ndi Chifalansa mpaka nditadina batani la AUDIO n'kusintha pamanja, koma ndikazimitsa n'kuyatsanso, Chifalansa chija chabwerera. Pali tchanelo ina imene pamamveka anthu awiri akulankhula nthawi imodzi, aliyense chilankhulo chake. Inanso masana imalankhula Chingerezi, madzulo chilankhulo china, popanda wokhudza rimoti. Kodi dikodayi yawonongeka kapena pali pamene sindikuika bwino? Ndikufuna ndikangoyatsa, izitsegula chilankhulo chimene ndasankha.

Wamawaya

Akulu, dikoda yanu ili bwino. Mwatchula mavuto atatu osiyana, ndipo lililonse lili ndi mankhwala ake. Ine ndiyankhe la Chifalansa chobwererabwereracho, koma muyambe mwadziwa mmene dikoda imasankhira mawu.

Dikoda siimva chilankhulo, komanso siimasulira. Tchanelo imodzi imatha kubwera ndi njira za mawu zingapo, iliyonse ndi nambala yake yotchedwa PID, kuyambira 0 mpaka 8191. Owulutsa amatumizanso kandandanda kotchedwa PMT, kamene kamauza dikoda kuti PID iyi ndi ya chithunzi, iyi ndi ya mawu. Pa njira ya mawu iliyonse amaikapo chizindikiro cha zilembo zitatu motsatira ISO 639-2: eng ndi Chingerezi, por Chipwitikizi, ara Chiarabu, swa Chiswahili, nya Chichewa. Inu mukasankha chilankhulo mu menyu, dikoda imangofunafuna zilembo zitatuzo. Ili ngati wosankha makalata ku positi, amawerenga za pa envulopu, zam'kati sazidziwa.

Ndiye onetsetsani kuti mwasintha mzere woyenera. Dinani MENU, pitani pa System Setup (madikoda ena amalemba Settings kapena Preferences), kenako Language. Mzere wapamwamba, wolembedwa Language, OSD Language kapena Menu Language, umangosintha zolembedwa pa sikirini. Mawu sawakhudza n'komwe, ndipo anthu ambiri amathera pamenepa n'kuyesa amaliza. Mizere imene mukufuna ndi First Audio ndi Second Audio, kwina amati Audio Language 1 ndi 2. Ya Subtitle, Teletext ndi EPG (ndondomeko ya mapulogalamu yooneka pa sikirini) ndi ya zolembedwa, pa wailesi ilibe ntchito kwenikweni.

Dikoda imayamba yafuna chilankhulo cha pa First Audio. Ikachisowa imayesa cha pa Second Audio. Zonse ziwiri zikasowa, imangotenga njira yoyamba pa mndandanda wa owulutsa. Pa chifukwa chimenechi musaike Chingerezi pa mizere yonse iwiri. Wachiwiriwo ikani chilankhulo china chimene mumamva, apo ayi mwangowutaya.

Mukamaliza tulukani ndi EXIT, ndipo ikafunsa ngati isunge, vomerani. Pozimitsa, yambani ndi batani la pa rimoti kuti ilowe pa standby, kenako muzimitse pakhoma. Madikoda ena salemba zosintha m'kati mwake nthawi yomweyo, amadikira mpaka mutatuluka mu menyu kapena mutasintha tchanelo. Mukazula pulagi isanalembe, imadzuka ndi zakale.

Zikapitirira, pitani pa tchanelo yovutayo, dinani AUDIO, muwerenge zimene zalembedwa pa mndandanda. Mukaona eng ndi fre (Chifalansa), dikoda iyenera kusankha yokha. Koma mukaona und, qaa, mul, kapena kungoti Audio 1 ndi Audio 2, dziwani kuti owulutsa sanaike chizindikiro cha chilankhulo chenichenicho. Und amatanthauza kuti sichinatchulidwe, qaa amaika pa chilankhulo choyambirira cha pulogalamu, mul ndi zilankhulo zambiri. Aliponso amene amaika eng pa njira zonse ngakhale zili za zilankhulo zosiyana. Zikatero, menyu ya Language singakuthandizeni ngakhale muisinthe kangati. Tiuzeni zimene mwapezapo.

Nachisale

A Wamawaya afotokoza bwino. Ine nditenge za anthu awiri olankhula nthawi imodzi, chifukwa imeneyo si nkhani ya PID ziwiri ayi. PID ndi imodzi, koma owulutsa aika chilankhulo china kumanzere, china kumanja. Amati dual mono. Mawu a munthu wolankhula safuna stereo, ndiye pofuna kusunga malo pa transponder (gawo la setilaiti lonyamula matchanelo angapo pa frequency imodzi) amanyamulitsa mapulogalamu awiri pa njira imodzi. Pa matchanelo a wailesi zimenezi n'zofala, mwinanso amakhala masiteshoni awiri osagwirizana n'komwe. Dikoda ikakhala pa Stereo imatulutsa onse awiri, wina pa sipika iyi wina pa iyo. Ikakhala pa Mono kapena Mix ndiye imawasakaniza pa masipika onse, phokoso lokhalokha.

Dinani AUDIO pa tchanelo yomweyo. Kupatula mzere wosankha njira, pali wina wolembedwa Audio Mode kapena Sound Mode, umene mumasintha ndi mivi ya kumanzere ndi kumanja: Stereo, Left, Right, Mono. Marimoti ena ali ndi batani lakelake lolembedwa L/R. Yesani Left, mumvetsere, kenako Right. Mbali imene mwasankha, dikoda imaitumiza ku masipika onse awiri, choncho musade nkhawa kuti sipika imodzi ikhala chete.

Muonenso zingwe. Pa RCA, choyera ndi cha kumanzere, chofiira cha kumanja, chachikasu ndi cha chithunzi. Ngati ku ampulifaya kwalowa chingwe chimodzi chokha, dikoda ili pa Stereo, muzimva mbali imodzi yokhayo, n'kuyesa chilankhulo chinacho kulibe. Komanso samalani: madikoda ena amasunga Left kapena Right pa tchanelo iliyonse payokha, ena amaika pa matchanelo onse. Yanu ikakhala ya mtundu wachiwiriwu, mukapita pa tchanelo ya nyimbo muzibwezera pa Stereo, apo ayi zida zina zoimbira zizisowa.

Za tchanelo yosintha chilankhulo madzulo, palibe choti mukonze pa dikoda. Mawailesi owulutsa m'zilankhulo zambiri amakonda kugawa nthawi pa njira imodzi: theka la ola chilankhulo ichi, ola lotsatira china. Chizindikiro cha zilembo zitatu chija nthawi zambiri sachisintha pulogalamu ikasintha, ndipo ngakhale atachisintha, njira ina yoti dikoda ithawireko palibe. Chofunika ndi kudziwa ndondomeko ya mapulogalamu. Mawailesi a m'maiko ambiri amalemba nthawi mu UTC, nthawi ya padziko lonse yolingana ndi GMT, ndiye pitani pa Time Setting muike GMT Offset yolingana ndi kumene muli, kuti EPG ndi wotchi ya dikoda zisakunamizeni. Kenako gwiritsani ntchito Timer: sankhani tchanelo, ola loyambira, kutalika kwake, muike pa Daily. Nthawi ikakwana dikoda imadzipitira yokha.

Muyang'anenso bwino pa mndandanda wa wailesi, dinani TV/RADIO. Kawirikawiri wailesi yomweyo imakhala ndi matchanelo angapo oyandikana pa transponder imodzi, iliyonse chilankhulo chake. Mukaipeza ya Chingerezi chokhachokha, iikeni pa Favourite, nkhani yatha.

Mvetseni

Zikomo kwambiri nonse awiri. First Audio inali pa Chifalansa ndithu, ndasintha, matchanelo angapo alongosoka. Ya anthu awiri ija yatheka ndi Right. Zatsala ziwiri. Tchanelo imodzi pa AUDIO ikuonetsa und kawiri, Chingerezi chili pa yachiwiri, ndipo dikoda siikusunga. Inayo ikuonetsa fre MPEG ndi eng AC3. Tsopano ikusankha eng yokha, koma kuli zii, mawu sakutuluka. Kodi ndipange factory reset?

Dishi_Ku

Ayi, factory reset musaikhudze. Ifufuta matchanelo onse, Favourite yanu, ndi zonse munaika za LNB (kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi) ndi DiSEqC (yosinthira pakati pa ma LNB kapena masetilaiti), chonsecho mavuto awiriwa ali ndi njira zina zowathetsera. Ngati tsiku lina mudzaifunadi, yambani mwasunga mndandanda wa matchanelo pa fulashi. Madikoda ambiri okhala ndi USB ali ndi malo ake, pa Tools kapena Upgrade, olembedwa Backup kapena Dump.

Ya ziiyo ndi nkhani ya mtundu wa mawu. Njira ya Chifalansa ndi MPEG-1 Layer II, imene dikoda iliyonse ya DVB imatha kuitsegula. Ya Chingerezi ndi AC3, ndiye kuti Dolby Digital. Kuti mawu a AC3 atuluke pa zingwe za RCA, dikodayo iyenera kuwatsegula yokha n'kuwasandutsa stereo. Pitani pa AV Setting kapena Audio Setup, mufune mzere wa Digital Audio Out, SPDIF kapena HDMI Audio. Ngati uli pa RAW, Bitstream kapena BS Out, dikoda ikungopititsa mawuwo osawatsegula, kudikira chipangizo china chiwatsegule. Sinthani muike PCM kapena LPCM Out. Pena pamakhala mzere wa AC3 Downmix, umenewo ikani On. Mukatero sinthani tchanelo n'kubwereranso, kuti iyambirenso kuwerenga njirayo.

Kukakhalabe chete, ndiye kuti dikoda yanu inapangidwa yopanda chotsegulira Dolby. Zotsika mtengo zambiri zimakhala choncho chifukwa Dolby imafuna laisensi. Pamenepo njira ndi yotengera mawu pa SPDIF, bowo lotulutsira mawu a digito, kaya ya optical kaya ya coaxial, kapena pa HDMI, kupita ku ampulifaya kapena TV imene imatsegula Dolby Digital, ndipo mzere uja mubwezere pa RAW. Musalumikize coaxial ya SPDIF pa bowo la RCA wamba la ampulifaya, ngakhale pulagi yake imalowa bwinobwino. Mawu simumva, mwina mungomva kusokosera kumene kungapweteke masipika.

Tsopano ya und kawiri. Poyamba yesani kusankha njira yachiwiri, mutsimikize ndi OK osati EXIT, musinthe tchanelo, mubwerere. Madikoda ena amasunga pokhapokha mwadina OK. Ngati yanu imayendera pulogalamu yotchedwa Enigma2, pa Setup, System, pali Auto language selection, pomwe mungaike zilankhulo zinayi motsatana, komanso pali mzere wouza dikoda kuti izitsatira njira imene inasungidwa pa tchanelo iliyonse. Umenewo uyatseni. Palinso wina wokonda AC3, umenewo kwa inu uzimitseni.

Zikakanika zonsezi, pangani tchanelo yanuyanu yoloza pa PID ya Chingereziyo. Muli pa njira yachiwiri, dinani INFO kawiri, mulembe frequency, polarity, symbol rate, Audio PID ndi PCR PID. Pitani pa Edit Channel kapena pa Installation, pamene pali Add Channel kapena PID Search, musankhe transponder yomweyo, mulowetse manambalawo. Popeza ndi wailesi, pa Video PID madikoda ena amafuna 0, ena 8191. PCR nthawi zambiri pa wailesi imafanana ndi Audio PID, komabe lembani imene INFO yaonetsa. Chenjerani ndi kalembedwe ka manambala: ikayamba ndi 0x ndi ya hexadecimal, mwachitsanzo 0x65 ndi 101. Mukailowetsa ngati 65 mupeza tchanelo yopanda mawu.

Njirayi ili ndi zofooka ziwiri. Madikoda ena amawerenganso PMT nthawi iliyonse mukatsegula tchanelo n'kubwezera PID yoyamba, ndiye mungoyesa muone ngati yanu ikulola. Chachiwiri, owulutsa akasintha manambala awo, tchanelo yanuyo imangoti zii osakuuzani chifukwa.

Wamawaya

Ndiwonjezere pa mfundo yomalizayo. Tchanelo ikasiya kulankhula koma mphamvu ndi quality ya siginolo zili pamwamba, musakwere kukagwedeza dishi. Sakaninso transponder imodzi yokhayo, osati setilaiti yonse. Pa Installation sankhani TP List kapena Manual Scan, muike pa transponder yake, Scan Channel ikhale TV + Radio chifukwa ikakhala TV yokha matchanelo a wailesi sabwera, ndipo Network Search ikhale Off kuti isakudzazireni matchanelo ena osafunika. Madikoda ena sasintha tchanelo imene ilipo kale, amangowonjezera yachiwiri ya dzina lomwelo kumapeto kwa mndandanda. Yakaleyo ifufuteni, yatsopanoyo muiikenso pa Favourite.

Pali kanthu kenanso kwa amene akufuna Chifalansa kapena Chijeremani. Zilankhulo zina zili ndi zizindikiro ziwiri mu ISO 639-2: Chifalansa ndi fre kapena fra, Chijeremani ger kapena deu. Pulogalamu ya m'madikoda ena imazindikira chimodzi chokha, ndiye tchanelo ina imasankhika yokha, ina ayi, chonsecho zonse zili ndi chizindikiro cholondola. Pamenepo chimene chingathandize ndi software yatsopano yochokera kwa opanga dikodayo, yogwirizana ndendende ndi model yake. Ya model ina, ngakhale yofanana maonekedwe, imatha kuipheratu dikoda, ndipo magetsi asazime ili m'kati molowetsa. Ngati vuto ndi la tchanelo imodzi yokha, kuli bwino kungosankha pa AUDIO kapena kupanga tchanelo ya PID monga anenera a Dishi_Ku.

A Mvetseni, poti mumafuna izitsegula yokha mukayatsa, onani ngati pa System Setup pali Startup Channel. Ikanipo Radio, musankhe tchanelo yanuyo. Ngati mzerewo palibe, madikoda ambiri amadzukira pa tchanelo imene anazimira, bola mwazimitsa ndi rimoti.