Thandizo pa zipangizo zomangira nyumba zosatulutsa mpweya woipa

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndikumanga nyumba ya zipinda zogona zitatu ku Matawale kuno ku Zomba, ndipo ndikufunitsitsa kuti zipangizo zam'kati zikhale zosatulutsa mpweya woipa, chifukwa mwana wanga amadwala mphumu ndipo fungo la penti ya mafuta limamubanikitsa kwambiri.

Makoma anatha kale, ndipo tinamangira njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza ndi makina, osati zootcha. Pamene ndaima tsopano ndi pa penti, siling'i ndi chiswe. Ndayenda m'masitolo a zipangizo zomangira m'tauni muno mpaka ku Limbe, koma ogulitsa sakutha kunditsimikizira ngati penti imene ali nayo ilibe mtovu, komanso zitini zina sizinalembedwe kuchuluka kwa mankhwala a VOC, amene amauluka kuchoka mu penti n'kulowa mu mpweya umene timapuma. Mabolodi ambiri a siling'i ndi makabati amamatidwa ndi guluu wokhala ndi formaldehyde, mankhwala amene amatuluka pang'onopang'ono ngakhale nyumba itatha kalekale. Amisiri anga akuti tipake oyilo wakutha wa galimoto pa matabwa a paini a denga, koma ndakana chifukwa oyiloyo ali ndi poizoni.

Kodi alipo amene anapakapo laimu m'kati mwa nyumba, ndipo laimuyo amapirira chinyezi cha kuno nthawi ya dzinja? Nanga matabwa ndingawateteze bwanji ku chiswe popanda mankhwala oopsa, ndipo siling'i yabwino ndingaipeze kuti? Chonde ndithandizeni. Zikomo kwambiri.