Kodi "mlandu suwola" ukugwiranso ntchito pamaso pa Mulungu?

Wa ku Ndirande:
Akuluakulu, ndimasulireni mwambi uwu. Anandiuza ndi azakhali pamaliro a mayi anga ku Thyolo mu 2019, tili kuseri kwa nyumba ya siwa. Mayi anadwala miyezi itatu akunditumira mauthenga, ine n'kumati ndibwera malipiro akatuluka. Zoona zake n'zakuti tinali titayambana pa nkhani ya munda, ndipo ndinkazengereza dala. Ndinakafika atatisiya kale. Ndalapa kambirimbiri, koma tsiku la Mgonero ndimangokhala pabenchi anzanga akulandira. Kodi makolo ankatanthauza kuti cholakwa sichitha mpaka kalekale?

Gogo wa ku Chilomoni:
Pepa mwanawe. Mwambiwu sukunena kuti mlandu sutha, ukunena kuti sutha wokha. Ndiwo ukazisiya zimavunda, ukataya, zatha. Mlandu ayi. Uthawire ku Joni zaka 20, pobwera udzaupeza uli wamoyo. Makolo mwambiwu ankauza munthu wothawa bwalo. Koma amene wabwera pabwalo, navomera, napereka nkhuku kapena mbuzi imene amfumu agamula, nkhani yake imatsekedwa pomwepo. Woidzutsanso ndiye amapalamula watsopano.

Wa ku Ndirande:
Ndamva agogo. Nanga ine mbuziyo ndikaipereka kwa yani, mwini mlandu ali kumanda? Zakeyu wa m'Baibulo zinamuyendera poti amene anawabera anali moyo, anatha kuwabwezera kanayi.

Mlongo wa ku Bangwe:
Achimwene, funso lanuli landigwira mtima. Taganizirani Davide. Uriya, amene Davide anamuphetsa n'kutenga mkazi wake, anali atafa, panalibe njira yomupepesa. Koma atavomera tchimo lake pamaso pa mneneri Natani, anauzidwa nthawi yomweyo kuti Mulungu walichotsa (2 Samueli 12:13). Zowawa sizinachoke m'nyumba mwake, mwana amene anabereka ndi mkazi wa Uriya anamwalirabe. Ndiye chisoni chimene muli nacho musachiyese umboni wakuti simunakhululukidwe. Mukulira mayi anu, ndipo mudzawalirabe.

Gogo wa ku Chilomoni:
Eya. Ndipo dipo lako silinali loti upereke ndiwe. Akolose 2:14 akuti kalata ya ngongole yathu anaifafaniza, naikhomera pamtanda. Mlandu wako sunawole, unazengedwa, wina n'kulipira. Iwe bwalo sunathawe, wakhala ukubwerako zaka zonsezi. Chimene ndikuona n'chakuti woweruza anatseka nkhani, koma iwe ukakamirabe pansi pa kachere kudikira chigamulo china.

Mkulu wa mpingo, Limbe:
Ndiwonjezereko pang'ono. Chikumbumtima ndi mphatso, koma si ndicho woweruza womaliza. 1 Yohane 3:20 akuti mtima wathu ukatitsutsa, Mulungu ndi wamkulu kuposa mtimawo. Za Mgonero kambiranani ndi abusa anu musanadzisale nokha kachikena. Gome lija analikonzera anthu olapa ngati inu. Komanso azakhaliwo alipo? Mwina nawo anayankhula ndi ululu wotaya mbale wawo. Kwa amoyo ndiye mungathe kukagwada.

Wa ku Ndirande:
Alipo, koma chichokereni kumaliro sitinayankhulane, ngakhale pafoni. Munda uja akulima ndi iwo. Loweruka ndilawirira minibasi ku Limbe. Agogo, popita kukapepesa kwa azakhali ndinyamule nkhuku, kapena ndiyambe ndadzera kwa amalume?