Thandizo labwera: tiwonjezere floti kwa ajenti wa banki kapena ayi?

Mlembi: Abale, mwana wathu wina amene ali kunja watumiza thandizo. Akuti tibwereke ajenti wa banki uja kuti awonjezere floti, ndalama zimene amagwiritsa ntchito pothandiza otapa ndi osungitsa, anthu asamabwerere chimanjamanja. Tikambirane.

Azakhali: Ine ndikukana kaye. Lachisanu ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, chiphaso chili m'manja, kufuna kutapa ya mankhwala a mdzukulu. Nditafika pawindo mtsikana amene ndi ajenti uja anangokoka kabati n'kundionetsa kuti mulibe kanthu. Loweruka ndalama zinalipo, koma makina anakana. Anapasa khadi kawiri, uthenga unabwera pafoni kuti ndalama zachoka, risiti osatuluka. Ndikadandaule kwa ndani? Ajenti akuti pitani kubanki, kubanki akuti dikirani.

Mphunzitsi: Pepani azakhali, koma za Lachisanuzo ndiye vuto limene thandizoli lingathetse. Ajenti amakhala ndi matumba awiri, ndalama za m'kabati ndi za muakaunti yake. Mukatapa, za m'kabati zimachepa, za muakaunti zimakwera. Kumapeto kwa mwezi aliyense amangotapa, ndiye kabati imauma, iye n'kutseka kuti akatenge zina kunthambi. Ku Kenya M-Pesa, njira yotumizira ndalama pafoni, inayamba mu 2007, mabanki anawalola kugwiritsa ntchito maajenti mu 2010, ndipo kutha kwa floti ndi dandaulo lodziwika ngakhale kumeneko.

Azakhali: Ndamva aphunzitsi. Nanga floti ikonza netiweki? Iletsa kandalama kapamwamba kamene amatiuza kuti tisiye, chikhalirecho komishoni amalandira kubanki? Amayi achikulire amene satha kuwerenga za pamakina amatchula PIN mokweza, mzere wonse ukumva. Pofika madzulo dera lonse ladziwa kuti uje walandira zingati, obwereka ayamba kugogoda. Zimenezi sizikukupwetekani?

Achemwali: Zoona zimenezo. Komabe ine ajentiyu wandipulumutsa. Kale kupita kunthambi kunkandidyera tsiku lonse la geni, kuphatikizapo yokwerera. Pano ndimasungitsa pang'onopang'ono ndikaweruka, ndipo sandinyoza kuti zachepa.

Azakhali: Inenso sindikufuna atseke, achemwali. Ndikufuna pakhoma pakhale pepala la mitengo m'chilankhulo chathu, nambala yodandaulira yoti ukaimba ayankhe, ndi risiti nthawi zonse. Ndipo ndalamazi adzagwira ndani? Za mjigo zija mpaka lero sitinaone buku.

Msungichuma: Azakhali, za mjigo ndinafotokoza pamsonkhano. Musandiipitsire dzina pagulu.

Azakhali: Munafotokoza pakamwa achimwene. Tinapempha malisiti.

Msungichuma: Malisiti anali ndi mlembi wakale.

Amalume: Mlembi wakale ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo muno mulibe. Munthu amene palibe sitimuweruza.

Wapampando: Chonde tibwerere ku nkhani ya ajenti.

Mphunzitsi: Tikamubwereka ajentiyu, palembedwe pangano, asayinire anthu atatu. Tifunsenso kubanki ngati malamulo awo amalola kuti ajenti agwiritse ntchito ndalama za gulu.

Azakhali: Akaberedwa usiku, wobweza ndani? Ndalama zambiri m'kabati zimaitana akuba, ndipo mtsikanayo amakhala yekha. Ine dzanja langa sindikweza buku la mjigo lisanatuluke.

Mlembi: Wotumiza uja akufunsa kuti tagwirizana zotani. Ndimuyankhe chiyani?

Amalume: A msungichuma ayambe apepesa.