Akazi a ku Bauhaus aja anathera kuti?

nachisale_wa_design: Anzanga ndithandizeni. Ndikupanga ka kosi ka design pa intaneti ndiye sabata ino tinali pa Bauhaus, sukulu ija ya zaluso ya ku Germany inayamba 1919 ku Weimar. Mayina amene akutchulidwa ndi Gropius, Kandinsky, Klee, amuna okhaokha, koma ukaona zithunzi za ophunzira akazi ndi mbwee. Amenewa ankapanga chani?

telala_wakale: Anawakankhira ku nsalu achemwali. Gropius, yemwe anayambitsa sukuluyo, analengeza kuti aliyense abwere, mwamuna kaya mkazi, akazi anabweradi ochuluka mpaka akuluakulu aja anayamba kuwalozera ambiri ku workshop yowomba nsalu eti ndiyo yowayenera. Chondiseketsa nchoti bwana wa kumeneko anali Georg Muche, munthu wojambula zithunzi, pomwe amene ankaudziwa ulusi anali Gunta Stölzl, anachita kupita ku Krefeld kukaphunzira kunyika nsalu mu utoto nkubwera kudzaphunzitsa anzake, udindo wotsogolera anadzamupatsa cha mma 1927 sukulu itasamukira kale ku Dessau, nawonso ophunzira anachita kuvutira kaye. Ndipotu nsalu zawozo ndi zina mwa zomwe zinkabweretsa ndalama pasukulupo.

mlongo_wa_ku_Leeds: Fufuzani za Anni Albers. Iyeyu nsalu sankazifuna nkomwe poyamba, analowa poti kwinako anamutsekera. Koma taonani zomwe anapanga pomaliza maphunziro 1930: nsalu yokuta khoma la holo ya sukulu ya mabungwe a anthu apantchito ku Bernau, kutsogolo anawomberamo cellophane (ngati pulasitiki wonyezimira) kuti iziwalitsa mholomo, kumbuyo ulusi wofewa wa chenille kuti uzimeza phokoso mawu asamachite kubwerera. Ndiye wina aziti zimenezo nzoluka za azimayi? Uwo ndi uinjiniya. A Nazi atatseketsa sukulu 1933 anapita ku America ndi mwamuna wake Josef kukaphunzitsa ku Black Mountain College, 1949 MoMA, nyumba yosungira zaluso ya ku New York, inachita chionetsero cha nsalu zake yekha.

telala_wakale: Anni bola, dzina linapulumuka. Ine amandimvetsa chisoni ndi Otti Berger. Sankamva bwino makutu, nsalu ankaizindikira ndi zala, ndipo anafika potenga ma patent (ziphaso za umwini wa luso) a nsalu zake mdzina lake. Anali Myuda, anathawira ku London kenako nkubwerera kwawo ku Zmajevac, mudzi wa ku Croatia ya lero, poti amayi ake ankadwala, visa ya ku America osaipeza, anaphedwa ku Auschwitz 1944.

nachisale_wa_design: Iii ambuye. Ndiye palibe olo mmodzi analowa kwa amunako?

mlongo_wa_ku_Leeds: Alipo, Marianne Brandt, analowa ku zitsulo, poyamba amunawo ankangomupatsa tintchito totopetsa kuti mwina agwe ulesi, koma 1928 ndi iye anadzatsogolera workshop yonseyo. Ka tiipoti kake ka 1924 mukakaona pa Google mukazindikira, kamapezeka mmabuku ambiri a design.